Ndemanga ya Wodutsa M'njira

9 Febuluwale

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Ine ndilipo, kupatula bondo lija ndi khutu lakumanzere lomwe tsopano langokhala chokongoletsa mutu. N'chifukwa chake ndimakana za foni. Umalankhula iwe, ine n'kumangoti eya, eya, osadziwa chimene ndavomera. Azakhali ako akupereka moni.

Kusukulu kuno kwagwa zachilendo. Ahedi atsopano analowa mulaibulale sabata yoyamba ya teremu, n'kupititsa chala pashelefu kufuna fumbi. Sanalipeze. Kenaka anafunsa kuti ndi ana angati amene amabwereka mabuku. Ndinawalozera kabati ya makadi, iwo osaitsegula n'komwe. Akuti masiku ano laibulale yosaoneka pa intaneti ili ngati sitolo yopanda chikwangwani, ndipo ndikapanda kutsegula chimene akuchitcha bulogu, chipindachi achidula pakati, theka likhale la makompyuta. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndili m'chipinda chimenechi, lero akundifunsa chikwangwani.

Andiikira kompyuta patebulo lomwe ndimamatirapo mabuku. Akundiphunzitsa ndi mayi aja a masamu, a mawu ngati belu. Akuti ndimadina mausi ngati ndikumenya chidindo cha deti, ndipo tsiku lina ndidzaiphwanya. Polemba ndimagwiritsa chala chimodzi, kujompha ngati nkhuku. Imelo anandipangira koma mawu ake achinsinsi ndinawataya tsiku lomwelo, choncho usadzivute nayo.

Buloguyo ili ngati bolodi la zidziwitso, kungoti aliyense padziko angawerenge n'kulemba zake pansi. Ndalembapo kawiri. M'mawa uliwonse ndimayang'ana pamene alemba kuti ndemanga, n'kupeza ziro akundiyang'ana.

Undiuze za ntchito yako ndi za kuzizira. Ndipo monga ndimafunsira nthawi zonse, kodi wamvako chilichonse za mlongo wako?

Ndine bambo ako.


2 Malichi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, mupatsireko azakhali. Kalata yanu ndinaiwerengera m'basi popita kuntchito, ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala naye anasuntha mpando. Ndili bwino. Ntchito ndi yomwe ija, kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake pamene bambo anga akudzimanga okha bondo. Zimandiwawa, koma nanga n'kutani.

Bulogu yanu ndaipeza. Musataye mtima ndi ziro ameneyo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma Bambo, zomwe mwalembazo ndi malamulo okhaokha: osadyera mulaibulale, osapinda masamba. Ndani angayankhe lamulo? Lembani mmene munkatifotokozera tili ana, buku lililonse ndi mbiri yake. Muzijambulanso zithunzi, mayi a masamuwo akuonetsani poika.

Za achimwene sindinamve kanthu.

Bondolo mwapita nalo kuchipatala kapena mukungolinyengerera? Mundiyankhe zoona.

Mwana wanu.


25 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Khala pansi usanawerenge.

Ndinatsata malangizo ako. Ndinajambula buku lalikulu la mapu lija, lachikuto chobiriwira, n'kulemba mmene ndalisokera kanayi. Chithunzi chinayamba chaima chadodolido, mayi a masamu anachitembenuza uku akundikalipira. Lachinayi m'mawa nditayatsa kompyuta, ziro uja anali atachoka. Munthu wina wodzitcha Wodutsa M'njira anali atalemba mzere umodzi: “Kodi banga la inki lidakalipo pa tsamba 40?”

Iwe sungakumbuke, unali ndi zaka zinayi. Ndinabwera nalo bukulo kunyumba Loweruka lina kuti ndilimate, ndipo nditatuluka pang'ono ndinapeza inki itatayikira pa tsamba limenelo. Mlongo wako ndinamukwapula koopsa tsiku lija. Bangalo ndinaliphimba ndi pepala, ndipo palibe mphunzitsi kapena mwana wasukulu amene akudziwa kuti pansi pake pali chiyani. Tinkadziwa atatu: ine, malemu mayi ako, ndi iyeyo.

Ndinayankha kuti lidakalipo, silinachoke. Mawu awiri okhawo ananditengera theka la ola. M'mawa mwake anali atalembanso, akuti mabuku amenewa ali ndi mwayi kukhala ndi wowasamala ngati ine. Ndinakalowa m'kachipinda kosungiramo mabuku ong'ambika n'kudzitsekera, kuti ana asaone mkulu akulira.

Zaka khumi ndi chimodzi, mwana wanga, popanda kalata ngakhale moni wapakamwa. Makina amene ndinkawanyoza ndi amene andibweretsera mwana. Tsopano ndimalemba tsiku lililonse. Ndaphunzira kuika zithunzi ndekha, ndi kukuza zilembo. Ahedi akuti ndasanduka chitsanzo. Sakudziwa kuti ndikulembera munthu mmodzi.

Bambo ako.


15 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndalandira kalata yanu. Ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka.

Bambo, chonde musaike mtima wonse pa munthu ameneyu. Pa intaneti aliyense amatha kudzitcha dzina lililonse. Mwina ndi wina amene anangomva nkhani ya inkiyo. Mwina si amene mukumuganizira. Ndikupempha muziyenda pang'onopang'ono, ndipo za kubanja musazilembe pamenepo, ndi tsamba la sukulu.

Ndili ndi zambiri zoti ndinene koma nthawi yandithera. Ndilembanso posachedwa.

Mwana wanu.


4 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yafupika ngati ya ku ofesi, ndipo yandizizira. Ndinkayesa usangalala. Ngati ukuopa kuti mlongo wako akabwera iwe uchepa mumtima mwanga, chotsa maganizo amenewo.

Wodutsa M'njira wangoti zii kuyambira pakati pa Epulo. Ndalemba za mabuku asanu ndi awiri, osayankha. Ndaganiza mofatsa ndipo ndamvetsa. Wagogoda, tsopano akudikira kuti nditsegule. Ndipo pali chimene iwe sudziwa.

Ukudziwa kuti mabuku makumi anayi atasowa mulaibulale, ine ndinaloza iyeyo, poti kiyi inkakhala kuseri kwa chitseko chathu. Ukudziwa kuti ndinamutchula wakuba pamzere, sukulu yonse ikumva, ndipo anachotsedwa kutatsala miyezi iwiri kuti alembe mayeso. Chimene sudziwa ndi ichi. Patatha zaka zinayi, mphunzitsi wina amene anasamutsidwa anabwera ndi katoni. Anati anawatenga patchuthi ndi kiyi ya alonda kuti aphunzitsire, kenaka anasamuka nawo mosadziwa. Onse makumi anayi anali momwemo. Ndinawabwezera pashelefu mwakachetechete. Sindinauze munthu, ngakhale mayi ako. Anapita kumanda akuganiza kuti anabala mbala.

Zonsezi ndazilemba pabulogu. Zanditengera masana atatu. Mayi a masamu ataona anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kuti dziko lonse liwerenga. Ndinawauza kuti ndinamunyoza pagulu, ndiyenera kupepesanso pagulu. Ndinadina ndekha, mofatsa, osamenya.

Kumapeto ndalemba kuti Loweruka pa 17 Meyi laibulale idzakhala yotsegula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ndidzakhala ndili momwemo.

Undipempherere.

Bambo ako.


6 Meyi

Bambo,

Sindikudziwa poyambira. Ndawerenga zimene mwaika pabulogu. Ndalipira kuti kalata iyi ithamange, Mulungu athandize ikupezeni lisanafike tsiku mwatchulalo.

Wodutsa M'njira ndine.

Ziro uja ankandimvetsa chisoni. Ndinaganiza kuti ndikalemba dzina langa muziti ndi mwana wanga akungondisangalatsa, ndiye ndinabisala. Za inki ndinalemba osaganiza. Mukuti sindingakumbuke, koma ndimakumbuka, chifukwa amene anagubuduza botolo lija ndine. Ndinathawira pansi pa tebulo. Mutalowa n'kufunsa, achimwene anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi iwo. Ndinamva chikwapu chilichonse ndili pansi pamenepo.

Nditalandira kalata yanu ya mu Malichi ndinasiya kulemba, kuganiza kuti zizizira zokha. M'malo mwake ndakolezera moto. Dzulo ndinaimba foni kawiri. Koyamba simunamve. Kachiwiri munayankha ndi mawu amene sindinawamvepo chimwalirireni amayi, mukundiuza kuti mwachapitsa jekete. Ndinangoti chabwino Bambo, n'kudula. Pabulogu sindingalembe, anthu onse aja akuwerenga.

Musakadikire. Sabwera, sakudziwa n'komwe. Ndikhululukireni ngati mungathe.

Mwana wanu wolakwa.


19 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Sindinalandire kanthu kuchokera kwa iwe, ndikhulupirira uli bwino.

Sanabwere.

Ndinafika isanakwane seveni. Alonda ananditsegulira geti osafunsa kanthu, nawonso anali atamva. Ndinasesa, n'kutsegula mawindo onse, n'kuika mipando iwiri pafupi ndi tebulo. Ndinatenga fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri. Mabuku makumi anayi aja ndinawatsitsa n'kuwasanja patebulo kuti awaone ndi maso ake.

Panjira yochokera kugeti pali timiyala, munthu akamabwera umamva. Khutu langa labwinoli ndinalilozetsa kumeneko tsiku lonse. Anabwera amayi awiri, makolo a ana, akuti amadutsa chabe. Anasuzumira pakhomo n'kubwerera akunong'onezana. Masana kunabwera galu. Faifi itakwana alonda anaima pakhomo chipewa chili m'manja, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kutseka. Tiyi tinamwa ndi iwowo, atazizira.

Ndemanga tsopano zilipo zambiri. Ena akuti ndalimba mtima. Wina walemba kuti munthu wotere sayenera kukhala pafupi ndi ana. Sindikumutsutsa. Koma Wodutsa M'njira palibe.

Mwina ali kutali ndipo ulendo ndi wovuta. Mwina anafika pageti n'kubwerera. Ndalemba kuti Loweruka likubwerali ndidzakhalaponso, ndi linalo.

Bambo ako.


16 Juni

Mwana wa achimwene anga,

Ndine azakhali ako. Kulemba si ntchito yanga, uwerenge moleza. Foni yako ndakhala ndikuiona ikulira koma zimenezi sindikanatha kuzinena pakamwa.

Kalata yako yothamanga ija inafika pa 27 Meyi, bambo ako atadikira kale Maloweruka awiri. Anaiwerengera pakhonde, ine ndikuchapa. Anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Basi. Ndinachita kuitenga m'thumba la jekete kuti ndidziwe chimene chawadya. Sindikukalipira, wadzikalipira kale wekha. Koma mwana iwe, madzi akatayika saoleka.

Sabata yomweyo ahedi anawaitana. Akuti makolo adandaula kuti tsamba la sukulu lasanduka bwalo la milandu ya pabanja, ndipo akuluakulu a maphunziro afunsa za mwana amene anachotsedwa popanda mlandu. Anawauza kuti apume, poti zaka zakwana kale. Bambo ako sanatsutse. Anapereka makiyi, n'kubwera ndi katoni imodzi, muli botolo la guluu, singano yosokera mabuku ndi kapu yawo. Mashelefu a kumbuyo achotsedwa kale, akuikamo matebulo a makompyuta.

Lachiwiri lapitali ndinawapeza atagwa kubafa. Adokotala akuti ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja sizikugwira, ndipo mawu akutuluka osamveka. Kumva akumva zonse. Nditawauza kuti ndikulembera iwe, anandigwira mkono n'kuyesa kunena kanthu. Ndinafunsa ngati akwiya nawe, anapukusa mutu. Ndinafunsa ngati ndikupatse moni, anagwedeza. Ndiye landira moni wa bambo ako.

Ngati ukudziwa kumene kuli mlongo wako, ino si nthawi yosunga chinsinsi.

Azakhali ako.


2 Julayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nambala yanu yakale sikugwira, ndiye ndalembera ku adiresi ya kugalaja kwanu.

Zaka zitatu ndasunga lonjezo langa. Bambo akandifunsa za inu ndimati sindinamve kanthu. Lero ndikuliphwanya, ndipo adiresi yanu ndawapatsa azakhali. Mukwiye, koma muyambe mwawerenga.

Bambo adwala sitiroko, sakulankhula. Asanadwale anaphunzira kulemba pa intaneti, pabulogu ya laibulale. Ine ndinalembapo ndemanga mobisa dzina, iwo n'kuyesa ndinu. Chifukwa cha bodza langalo analemba poyera, dziko lonse likuona, kuti mabuku aja simunabe ndinu, anapezeka kalekale, ndipo iwo anabisa chifukwa cha manyazi. Anakudikirani Maloweruka awiri mulaibulale. Ntchito yawathera pa nkhani yomweyi.

Ine chiwerengereni tsiku lija sindinathenso kutsegula tsambalo. Ndalemba adiresi yake pansipa. Musamve za ine, kawerengeni nokha mawu awo.

Ndawauzanso za inki ija, kuti ndinali ine.

Mlongo wanu.


21 Julayi

Mlongo wanga,

Tili bwino. Kalata ndaiona.

Ndinakhala nayo masiku anayi m'thumba la ovolosi. Lachisanu nditaweruka ndinabwereka foni ya mnzanga, n'kulemba adiresi ija chilembo ndi chilembo. Inandiuza kuti tsambali kulibe. Ndinayesa katatu. Ndinapita pamalo pena pamene amalipiritsa makompyuta, mtsikana wa pamenepo anayesanso, n'kundiuza kuti eni ake analifufuta.

Ndiye dziko lonse lamva kuti sindine wakuba, kupatula ine.

Ukudziwa kuti mpaka lero bwana akasowa sipanala ndimayamba ndine kutulutsa matumba? Ndili ndi zaka makumi atatu. Pamaliro a amayi ndinabwera, ndinaima kuseri kwa galimoto, palibe anandiona. Ndinkaganiza kuti amayi anapita akudziwa zoona. Tsopano ukundiuza kuti mkuluyo anali nazo m'kamwa n'kuzimeza.

Za inki usadandaule. Zija ndinasankha ndekha. Za mabuku sindinasankhe.

Sindikunena kuti ndibwera, sindikunenanso kuti sindibwera. Koma za kumva kwa anthu ndatopa nazo. Analemba kuti chiyani kwenikweni? Liwu loti pepa linalipo, kapena anangofotokoza mbiri monga amachitira? Ngati ali ndi mawu ndi ine, alembe okha papepala, ndi dzanja lawo, atumize kuno. Uwauze azakhali choncho.

Mlongo wako.


24 Ogasiti

Mwana wa achimwene anga,

Ndine azakhali ako, amene unkawathawa pokumeta. Moni kwa iwe, kwa apongozi anga amene sindinawaone, ndi kwa adzukulu amene ndangomva kuti alipo awiri.

Mlongo wako ananditumizira mawu ako. Ndinayamba ndapita kusukulu kukafunsa mayi a masamu ngati zolemba zija zingabwerere. Anayesa ine ndili pomwepo, mpaka anaitana munthu wodziwa. Akuti ahedi anafufuta zonse ndipo masiku obwezera anadutsa. Bambo ako sanasunge pena, ankalemba molunjika pamakinapo. Mayiwo analira. Anati iwo anawerenga, ndipo liwu ukufunsalo linalipo, osati kamodzi. Koma wanena kuti za kumva kwa anthu watopa nazo, ndiye sindikukakamiza.

Ndinawawerengera bambo ako kalata yako yonse, osadumpha, ngakhale pa sipanala ndi pa maliro. Pamenepo anatseka maso nthawi yaitali, ndinayesa agona. Nditafika poti alembe okha, anayamba kumenya bedi ndi dzanja lamanzere mpaka ndinawabweretsera pensulo. Ndinawauza kuti ndigwire dzanja lawo tilembe limodzi, anandikankha. Ndinawauza kuti ndilembe ine iwo angosaina, anandiyang'ana diso lija umalidziwa.

Alemba masiku atatu. Ndinkawatsamiritsa pamapilo, thabwa lodulira masamba lili pamiyendo, pepala nditalipanikiza ndi mapegi kuti lisathawe. Pensulo inkagwa, ine n'kutola. Mapepala asanu anawakwinya okha. Pepala la chisanu ndi chimodzi anandipatsa, n'kuloza envelopu.

Ndalitembenuza mbali zonse, ndavala ndi magalasi awo, koma kunena zoona sindikuonapo chilembo chimene ndingachitchule. Ndi mizere inayi yokhotakhota, wachitatu unatsetsereka mpaka kutuluka papepala. Ndinawafunsa kuti ndilembe pansi pake tanthauzo, anakana. Ndiye ndikutumiza mmene lilili.

Adokotala akuti mawu mwina abwerera, mwina ayi, ndipo sitiroko ikabweranso kachiwiri sapereka chiyembekezo. Nyumba ndi yomwe ija, geti tinapaka utoto wofiira.

Pepalalo ndalipinda kamodzi kokha. Ulitsegule ndi m'manja mouma, ndi la pensulo, lingafufutike.

Azakhali ako.